Za Njira Yolembedwa ndi Dzanja, ndi Umo Inasokeretsera Dziko Lonse

Akuluakulu amene anayendapo maulendo a pansi akumbukira mwambo wa pa mphambano. Wotsogola akafika pamene njira zilekana, athyola kanthambi ka masamba nakagoneka pa njira yosayenera kuitsata, kapena alemba mzere ndi phazi kuitseka, kuti anzake otsala m'mbuyo asasokere pofikapo. Kanthambiko sikaona, sikamva, ndiponso sikadziwa ngati mlatho wa kutsogolo wakokoloka usiku. Kanena mawu amodzi okha amene mwini wake anakasiyira, ndipo kadzanenabe omwewo kufikira wina atakachotsa. Mwezi uno tifuna kukamba mbiri ya kanthambi kotere, koma ka m'makina. Pakuti ambiri a inu, abale, muli nazo lamya za m'manja, ndipo ana a sukulu atifunsa kawirikawiri kuti, Kodi mawu amene titumiza adziwa bwanji njira ya ku Johannesburg kapena ya ku London?

Tiyambe ndi kuyankha anawo. Uthenga uliwonse woyenda pa intaneti, kapena kalata, kapena chithunzi, kapena mawu a pakamwa, uyamba wadulidwa kukhala timitolo tating'onoting'ono, ndipo kamtolo kalikonse kasenza keyala ya kumene kalinkupita. Keyalayo si dzina la mfumu kapena la boma ayi, koma manambala. Ya mtundu wakale, umene ugwirabe ntchito, ili ndi manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho, monga 192.168.2.7. Pamene mawaya akomana pakhala makina otchedwa rauta. Rauta sadziwa ulendo wonse. Ntchito yake ndi iyi yokha: awerenga keyala, ayang'ana m'kaundula wake wa njira, napereka kamtoloko kwa mnansi amene kaundulayo wamtchula, mnansiyo achitanso chimodzimodzi, kufikira kamtoloko katafika kwawo. Tsono mbiri yathu yonse yagona pa funso limodzi, ndilo lakuti, Alemba ndani m'kaundulamo? Kapena munthu akhala pansi nalemba njira ndi dzanja lake, ndiyo njira yokhazikika, imene amisiri aitcha static route. Kapena makina auzana okha njira zimene azidziwa, monga achitira apaulendo pokomana.

Wina angayese kuti dzanja ndilo linayamba, ndi kuti nzeru ya kuuzana inadza pambuyo. Sizinatero kwenikweni. Paul Baran wa ku America, polemba m'chaka cha 1964 za ukonde wa mawaya umene sungafe wonse ngakhale nkhondo itaphwanya mbali zake zina, anafuna kuti makina azisankha okha njira. Ndipo Donald Davies wa ku England anafika payekha pa maganizo onga omwewo. Pamene boma la America linamanga ukonde wotchedwa ARPANET m'chaka cha 1969, linalumikiza malo anayi, ndiwo sukulu zazikulu za ku Los Angeles, ku Santa Barbara ndi ku Utah, pamodzi ndi nyumba yofufuzira nzeru ya Stanford Research Institute. Makina a pa mphambano zake, amene anakonzedwa ndi kampani ya Bolt Beranek and Newman, anali kuuzana okha njira kosalekeza kuyambira pachiyambi pomwe. Uthenga woyamba unatumizidwa pa 29 Okutobala 1969. Mnyamata wophunzira, dzina lake Charley Kline, anafuna kulemba mawu akuti LOGIN, koma atalemba L ndi O makina a kutsidya anakomoka.

Koma kuuzana kuli nayo nthenda yake, ndiyo kukhulupirira msanga. M'zaka zoyamba za m'ma 1970 makina a pa mphambano ya ku Harvard anaonongeka m'kati, nayamba kuuza anansi ake kuti, Kwa ine kulikonse ndi pafupi, palibe mtunda. Anansiwo anavomera, pakuti sanaphunzitsidwe kukayika, natumiza mitolo yawo ku Harvard, kumene inalowa osatulukanso. Muisunge nkhani imeneyi, chifukwa tidzakomana nayo inzake.

Panalinso anthu ambiri amene sanaloledwe kulowa mu ARPANET, popeza inali ya boma ndi ya sukulu zogwirira ntchito boma. Iwowa analumikiza makompyuta awo pa mawaya a lamya wamba mwa njira yotchedwa UUCP, imene inafala kuyambira 1979. Kumeneko dzanja linalamuliradi. Wotumiza kalata anayenera kulemba yekha maina a makompyuta amene kalatayo idzapitamo, limodzi ndi limodzi, monga mwini katundu auza mtengatenga kuti, Ukagone kwa uje, m'mawa ukaoloke pa dooko lakuti. Akalakwitsa dzina limodzi, kalata ibwerera kapena itayika.

Pa 1 Januwale 1983 ARPANET inasiya chinenero chake chakale nitenga cha TCP/IP, chimene Vinton Cerf ndi Robert Kahn anayamba kuchifotokoza m'chaka cha 1974. Chinenero chatsopanochi chinalola maukonde ambiri a eni osiyana kulumikizana, ndipo pamenepo mwini ukonde aliyense anayenera kuuza makina ake khomo lotulukira kunka kwa anzake. Chaka chomwecho sukulu ya ku Berkeley inatulutsa Unix wake wotchedwa 4.2BSD, momwe munali lamulo lakuti route, la kulembera njira ndi dzanja. M'chaka cha 1984 Leonard Bosack ndi mkazi wake Sandy Lerner, ogwira ntchito pa sukulu ya Stanford, anayambitsa kampani ya Cisco, imene marauta ake anadzafalikira m'maiko onse.

Tiyenera kufotokoza tsopano umo munthu alembera njira pa makina otere, pakuti wosadziwa ichi sangamve zimene zinachitika pambuyo pake. Rauta wa ntchito zazikulu alibe zithunzi zokhudza ndi chala monga lamya yanu. Mmisiri amlumikiza ku kompyuta, ndipo pa galasi paoneka mzere wopanda kanthu, ndi kachizindikiro kophethira, kulindira lamulo. Pa makina a Cisco mmisiri alemba enable, kuti alandire ulamuliro wa mwini nyumba. Alemba configure terminal, kuti makina adziwe kuti mawu alinkudzawo ndi osintha makhalidwe ake. Ndipo pamenepo alemba mzere wonga uwu:

ip route 192.168.2.0 255.255.255.0 10.0.0.2

Manambala oyamba atchula mudzi umene mitolo ilinkupita. Achiwiri anena kukula kwa mudziwo, ndipo awa a 255 atatu ndi 0 mmodzi atanthauza mudzi wa makeyala 256. Alembi afupikitsa nthawi zina nangolemba /24. Achitatu ndiwo keyala ya mnansi wolandira mitoloyo. Ndiko kunena kuti, Chilichonse chopita ku mudzi wakutiwakuti, upatse uje. Mmisiri akakanikiza batani lotsiriza, lamulolo ligwira ntchito pomwepo. Makina safunsa kuti, Kodi mwatsimikiza? Akalemba show ip route, kaundula yense aoneka, ndipo njira yake ili nacho chilembo cha S patsogolo pake, chosonyeza kuti inaikidwa ndi munthu. Pa makompyuta a Linux mawu asiyana pang'ono, pakuti alemba ip route add 192.168.2.0/24 via 10.0.0.2, koma tanthauzo ndi lomwelo.

Ophunzira ntchitoyi apunthwa kawirikawiri pa miyala iwiri. Woyamba ndiwo kuiwala njira yobwerera. Munthu auza rauta wa tsidya lino popita, nayesa kuti watha. Koma rauta wa kutsidya sanauzidwe kanthu, chotero mitolo ifika bwino, ndipo yankho lake lisowa pobwerera. Wophunzirayo angoona kuti kuli zii, nayamba kuda waya wosalakwa. Mwala wachiwiri ndiwo kuiwala kusunga. Zimene mmisiri walemba zikhala m'chikumbukiro chakanthawi, ndipo akapanda kulemba copy running-config startup-config, magetsi akazima zonse zifafanizika. Ife tinaonapo mnyamata wina wa ntchitoyi amene anavutika masana onse nakonza zonse bwino, nanka kwawo wokondwa. Usiku magetsi anathima, ndipo m'mawa mwake anapeza makina atabwerera ku umbuli wawo wa dzulo. Sitinamseke kwambiri, pakuti ifenso tinalembapo masamu pa bolodi kumadzulo, ndi kupeza m'mawa wosesa atapukuta.

Pali mzere wina wotchuka koposa yonse, umene uyamba ndi ip route 0.0.0.0 0.0.0.0 nutsiriza ndi keyala ya mnansi. Tanthauzo lake ndi lakuti, Chilichonse chimene sudziwa kwawo, upatse uyu. Ofesi yaing'ono kapena sukulu imene ili ndi waya umodzi wokha wotulukira kunja ikwanira ndi mzere womwewu. Pakuti mudzi wa njira imodzi sufuna wolondolera. Apa mpamene paoneka ubwino wa njira ya dzanja. Sitopetsa makina, sidzaza mawaya ndi nkhani, ndipo mnansi wabodza sangaisinthe ndi mawu ake. Koma kufooka kwake ndi kwa kanthambi kaja. Waya wa pakhomo penipeni ukaduka rauta azindikira naichotsa njirayo. Koma choipa chikagwa patsogolo, kuseri kwa mnansi, iye sadziwa kanthu, angotumizabe mitolo ku mlatho wokokoloka kufikira munthu atadzuka ndi kudzalemba mzere wina.

Atsala malamulo awiri oweruzira, ndipo tipempha owerenga apirire nafe, pakuti pa iwo papachikika nkhani yonse. Loyamba ndi ili: njira ziwiri zikatchula mudzi umodzi womwewo, rauta wa Cisco ayang'ana amene wanena. Njira ya dzanja ipatsidwa nambala 1, yomva kwa anansi mwa dongosolo la OSPF ipatsidwa 110, ya dongosolo la RIP 120, ndipo nambala yochepa ndiyo ipambana. Ndiko kuti makina akhulupirira dzanja la mbuye wake koposa mphekesera za anzake. Lachiwiri liposa loyambalo mphamvu, ndipo ligwira pa marauta onse: wotchula malo mwachindunji apambana wotchula mwachisawawa. Wina akati, Makalata onse a boma lakuti mundipatse ine, ndipo wina nati, Makalata a mudzi wakuti wa m'boma lomwelo mundipatse ine, wachiwiriyu ndiye alandira a mudziwo, angakhale ali kutali chotani. Tionjezepo chinthu chimodzi. Mmisiri angathe kulozetsa njira, osati kwa mnansi, koma ku malo otchedwa Null0, ndilo dzenje la m'makina. Mtolo wolowamo utayika osamvekanso. Umo ndimo atsekera njira imene safuna kuti anthu ayendemo.

Maukonde atachuluka, dzanja linalephera ntchito ya pakati pa makampani ndi maiko, pakuti palibe mlembi angathe kulemba ndi kufufuta njira zikwizikwi zosinthika usana ndi usiku. M'mwezi wa Januwale 1989, pa msonkhano wa amisiri ku Austin m'dera la Texas, Kirk Lougheed wa ku Cisco ndi Yakov Rekhter wa ku IBM anakhala pa chakudya, najambula pa timapepala topukutira m'manja dongosolo limene litchedwa BGP. Iwo analiyesa chigamba cha kanthawi. Koma chigambacho ndicho chigwira intaneti kufikira lero, ndipo m'chaka cha 2014 njira zolengezedwa mwa icho zinapyola 512,000. Machitidwe ake ndi awa: kampani iliyonse iuza anansi ake kuti, Makeyala akutiakuti ali kwa ine, anansiwo auza anansi awo, ndipo mawuwo azungulira dziko m'mphindi zowerengeka. Pachiyambi panalibe mboni kapena chidindo chotsimikizira mawu otere. Sitiwadzudzula amisiri aja, pakuti masiku amenewo eni maukonde anali ochepa, odziwana maina, ndipo sanaone chifukwa cha kufunsa mbale wawo umboni.

Tsono tifike ku Pakistan. Pa 22 Febuluwale 2008 bungwe la boma la dzikolo loyang'anira za lamya linalamula makampani a intaneti kuti atseke YouTube, kumene anthu aonera zithunzi zoyenda, chifukwa cha zina zimene linaziyesa zonyoza chipembedzo. Za kuyenera kapena kusayenera kwa lamulolo sitikamba pano. YouTube inali kulengeza ku dziko lonse chigawo cha makeyala 1,024, cholembedwa 208.65.152.0/22. Amisiri a kampani ya Pakistan Telecom anasankha kachigawo ka m'kati mwake, ka makeyala 256, ndiko 208.65.153.0/24, momwe munali makompyuta olandira alendo a YouTube. Ndipo monga afotokozera akatswiri amene anafufuza nkhaniyi, analemba njira ya dzanja yotayira mitolo ya kachigawoko kudzenje. Kufikira apa inali nkhani ya m'nyumba, kanthambi kogonekedwa pa njira ya mudzi umodzi. Koma rauta angathe kuuzidwa kuti njira zolembedwa ndi dzanja azizilengezanso kwa anansi mwa BGP. Chotero Lamulungu pa 24 Febuluwale, nthawi ya 18:47 pa wotchi ya ku Greenwich, ku Pakistan kuli pafupi pakati pa usiku, mawu anatuluka m'nyumba, nafika kwa kampani ya PCCW ya ku Hong Kong, imene inali kugulitsa njira ya kunja kwa Pakistan Telecom. Mawuwo sananene za dzenje ayi. Anangoti, Makeyala awa 256 ali kwa ine. PCCW sinafunse. Inawalandira niwauza anansi ake, ndi anansiwo anauza awo.

Taonani tsopano lamulo lachiwiri lija. Marauta a m'maiko onse anamva mawu awiri. Mwini weniweni anati, Makeyala 1,024 ali kwa ine. Mlendo anati, Mwa iwo, awa 256 ali kwa ine. Makina sanayese kuti mwini ndani. Anayesa kuti watchula mwachindunji ndani, ndipo mlendo anapambana. Munthu wa ku Tokyo, wa ku Paris, wa ku California komwe kwawo kwa YouTube, pofuna kuonera chithunzi, mitolo yake inathamangira ku Pakistan, nigwera m'dzenje limene linakumbidwira anthu a dziko limodzi. Palibe rauta anaonongeka monga uja wa ku Harvard. Onse anali amoyo, ndipo aliyense anachita molondola chimene anaphunzitsidwa.

Bungwe la RIPE NCC la ku Amsterdam, limene lilemba mawu oyenda pakati pa marauta, linasunga nthawi za usiku umenewo, ndipo tiona m'menemo umo eni YouTube analimbanira. Iwo analibe ulamuliro wa kufufuta mzere wolembedwa m'makina a eni ake ku dziko lina. Chida chawo chinali malamulo omwewo. Pa 20:07 anayamba kulengeza nawonso kachigawo komweko ka makeyala 256. Pamenepo mawu awiri analingana kukula, ndipo rauta aliyense anasankha wa njira yaifupi kwa iye, kotero kuti ena anabwerera kwa mwini, ena natsala kwa mlendo. Pa 20:18 anakagawa pakati kachigawoko, nalengeza tiwiri ta makeyala 128, kuti apose mlendo kuchindunji. Nzeru yabwino ndithu, koma makampani ambiri sakonda kulandira tizigawo tochepa chotere. Chimene chinathetsa mlandu ndi ichi, kuti pa 21:01 PCCW inaleka kufalitsa mawu ochokera kwa Pakistan Telecom. Kuyambira 18:47 panapita maora awiri ndi mphindi 14.

Anthu ambiri pokamba nkhaniyi aseka mmisiri amene analemba mzerewo. Ife sititero. Dzanja la munthu liphonya, ndipo amene sanalakwitsepo chilembo ndiye amene sanagwirepo choko. Tiyesa kuti katundu wolemera ali pa iye amene analandira mawu a kasitomala wake nawafalitsa osayang'ana m'buku ngati makeyalawo ndi akedi. Pakuti kusefa kotere kunali kodziwika kale, ndipo chenjezo linalipo, popeza pa 25 Epulo 1997 kampani ina yaing'ono ya ku America inatulutsa njira zolakwika zikwi zambiri, nisokoneza intaneti kwa maora angapo mwa lamulo lomweli la kuchindunji. Makolo anati safunsa anadya phula. Koma usiku uja wosafunsa anali mmodzi, ndipo phula anadya ndi anthu a m'maiko onse.

Mankhwala ake anadza pang'onopang'ono. M'chaka cha 2012 amisiri anasindikiza dongosolo lotchedwa RPKI, limene lipatsa mwini makeyala chikalata chodindidwa, chonena kuti woyenera kulengeza chigawo chakuti ndi uje, ndi kuti asachidule kupyola muyeso wakuti. Zikalatazo zichokera ku mabungwe asanu ogawa makeyala pa dziko lapansi, ndipo la Africa ndilo AFRINIC, lokhala ku Mauritius. Kampani imene iwerenga zikalatazi ingathe kukana mawu onga aja a 2008. Koma palibe lamulo la dziko lonse lokakamiza kampani kuziwerenga, ndipo si onse atero. Mzere wa dzanja wokha sunasinthike. Ophunzira a lero aulemba monga anaulembera a m'zaka za m'ma 1990, ndipo makina aulandirabe osafunsa.

Za YouTube ku Pakistan, boma linachotsa chiletso chija pa 26 Febuluwale 2008, patapita masiku awiri chichitikire chisokonezocho. Linatsekanso m'mwezi wa Sepitembala 2012, ndipo ulendo umenewu chitseko chinakhala chotseka kufikira Januwale 2016, zaka zitatu ndi miyezi inayi. Koma anthu a ku Tokyo ndi ku Paris anapitiriza kuonera zithunzi zawo masiku onsewo.